Pakati pa Ba Amidu ndi Mwana Wawo

Ntchito yomasulira kukhoti ndinaipezera kutchalitchi. Nditamaliza sukulu ndinakhala nthawi yaitali ku Chawama ndikugulitsa salaula, zovala zakaunjika, ndi amayi anga, ndipo Lamlungu lililonse ndinkaima pambali pa abusa athu, iwo akulalikira m'Chingerezi, ine ndikubweza m'Chinyanja. Tsiku lina titaweruka, mayi wina wa mumpingo amene ankataipa makalata kukhoti la majisitireti m'tauni anandikokera pambali.

"Ba Esnati, kuja kunchito bafuna bomasulira. Kamwa muli nako, kayeseni."

Ndinapita. Anandiyesa Chinyanja ndi Chibemba, ndipo patapita miyezi anandiitana.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali ba Zulu, mkulu wa omasulira, bambo wa imvi wosakonda kuseka. Masabata oyamba ndinkangokhala kumbuyo kwawo n'kumaonerera. Woweruza amakhala pamwamba ndipo amalemba ndi dzanja mawu onse onenedwa, choncho womasulira sathamanga. Amayang'ana cholembera, chikaima ndiye apitiriza. M'munsi mwake mumakhala kalaliki ndi mafailo. Kutsogolo kuli tebulo la pulosekyuta, amene amazenga mlandu m'malo mwa boma, ndi la loya ngati alipo. Anthu ambiri a m'makomboni amabwera opanda loya. Mbali ina kuli kabokosi ka woimbidwa mlandu, mbali inayo ka mboni, ndipo womasulira amaima pakati.

"Kuno si kutchalitchi," anatero ba Zulu tsiku loyamba. "Kuja mumaikako mchere kuti anthu anene ameni. Kuno mukaikako mchere, munthu agona kundende. Mboni ikati 'ndinaona', inunso muziti 'ndinaona', osati 'akuti anaona'."

Ndondomeko ndinaigwira msanga. M'mawa Kasalanga, chigalimoto cha kundende, chimabweretsa a pa rimandi, osungidwa podikira mlandu wawo. Mlandu ukaitanidwa, munthu amamuwerengera zimene akumuimba, n'kumufunsa ngati akuvomera kapena akukana. Akakana, boma limaitana mboni zake. Mboni imalumbira, pulosekyuta amaifunsa, kenako woimbidwa mlandu amapatsidwa mpata woifunsa nayenso. Mawu onsewa amadutsa m'kamwa mwa womasulira, kupita ndi kubwera. Ndinazolowera mpaka ndinayamba kudziona ngati paipi chabe, madzi akungodutsa.

Mlandu umene unandisintha unali wamba. Mwamuna wina wa zaka za m'ma twente, dzina lake Saidi, wa ku komboni ya George, ankaimbidwa mlandu wothyola shopu yometera tsitsi ya neba wawo ndi kuba makina ometera, batire ndi inveta. Iye anakana. Mwini shopu anali atapereka kale umboni tsiku lina, ndipo tsiku limeneli pulosekyuta anaimirira n'kuitana mboni yachiwiri. Ndinatuluka pakhomo kukafuula dzina: Amidu.

Analowa bambo wokalamba, wochepa thupi, atavala kanzu yoyera ndi kofiya, akuyenda motsimphina. Saidi atawaona anaweramitsa mutu. Ndinawapatsa Korani, analumbira, ndipo pulosekyuta atawafunsa ngati akumudziwa munthu wa m'kabokosi, anayankha m'Chichewa chakuya cha anthu amene makolo awo anachokera ku Malawi.

"Ndikumudziwa. Ndi mwana wanga wachisamba."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Iwo ndi telala, amasokera m'kachipinda ka kunyumba kwawo. M'mawa wina akusuntha mulu wa nsalu anapeza batire, inveta ndi makina ometera. Anazizindikira, chifukwa ankameta kushopu komweko. Anafunsa Saidi, Saidi anangotuluka osayankha. Iwo ananyamula katundu yense pawilibala n'kukabweza kwa mwini wake, akuganiza kuti nkhani ithera pomwepo, paubale wa maneba. Sanadziwe kuti mwini shopu anali atanena kale kupolisi.

Ine ndinkabwereza m'Chingerezi: ndinapeza, ndinazindikira, ndinanyamula. Pulosekyuta anawapempha kuti aloze munthu amene amamunena. Dzanja lawo linakwera mochedwa, ndipo sanaloze ndi chala. Anatambasula chikhatho chonse ngati akupempha.

Woweruza anali mayi wodekha, wa magalasi. Anauza Saidi kuti tsopano ndi nthawi yake yofunsa mboni, ndipo ine ndinamufotokozera m'Chinyanja. Anaimirira, nagwira thabwa la kabokosi.

"Baba, sembe munaniuza chabe kuti nibweze neka. Chifukwa chani munapeleka imwe?"

Bambo ndi mwana ankamvana popanda ine. Koma khoti limalemba Chingerezi, ndiye ndinayenera kutembenukira kwa woweruza ndi kunena funsolo ngati langa, kuyambira pa liwu lakuti baba. Ba Amidu anadikira kuti ndimalize.

"Ndinakufunsa, sunandiyankhe. Ndinkaopa kuti anthu akazipeza kwathu akuwotcha ndi matayala. Ndinkati ndikukupulumutsa."

Zimenezonso ndinazinena ngati zanga. Saidi anafunsanso, mawu atatsika.

"Manje nikali mwana wanu?"

Pulosekyuta anayamba kuimirira kuti atsutse, poti funsolo silinkakhudza umboni, koma woweruza anakweza dzanja n'kunena kuti mboni iyankhe.

"Ukanakhala wa wina ndikanagona tulo," anatero ba Amidu.

Apa ndinachedwa kumasulira. Cholembera cha woweruza chinaima, khoti lonse likudikira ine. Ndinayang'ana pansi, ndipo ndinanena. Sindikudziwa ngati Chingerezi changa chinafika pamene panafika mawu awo, koma sindinachotsepo kanthu.

Kenako Saidi anati alibe funso lina ndipo akufuna kusintha, avomere mlandu. Woweruza anamufunsa ngati pali amene wamukakamiza. Anati palibe. Ndinamuwerengeranso mlandu, anavomera. Pulosekyuta anawerenga mmene zinachitikira, Saidi anati n'zoona, ndipo khoti linamupeza wolakwa. Pulosekyuta ananena kuti aka kanali koyamba.

Chilango chisanaperekedwe, wolakwa amapatsidwa mpata wodandaula kuti khoti limuchitire chifundo. Ambiri amatchula ana, matenda, mkazi woyembekezera. Saidi sanatchule zimenezo, anatchula mankhwala ozunguza bongo.

"Vamene nimagula ku Chibolya ndiye vinanionongela mutu. Nilibe vambili vokamba. Muwauze chabe baba basazibwela kundende, mendo yao yababa."

Ba Amidu anali atakhala pabenchi lakutsogolo. Anamva mwana wawo akuwadandaulira miyendo yawo yowawa, ndipo anayenera kukhala pomwepo ine ndikuwanenanso kachiwiri.

Woweruza analemba nthawi yaitali. Kenako anati waganizira kuti Saidi wavomera, kuti n'koyamba, ndi kuti katundu anabwezedwa, koma kuthyola shopu ndi mlandu waukulu umene wachuluka m'makomboni. Anamupatsa chaka chimodzi ndi theka akugwira ntchito yakalavulagaga, kuwerengera kuchokera tsiku limene anamangidwa, ndipo anamuuza kuti ali ndi ufulu wochita apilo. Woweruza akulankhula, bambo ndi mwana sanagwedezeke, chifukwa sanamve. Onse awiri ankayang'ana ine. Nditafika pa mawu akuti chaka chimodzi ndi theka, ba Amidu anavula kofiya n'kuigwira pamaondo.

Pa nthawi yopuma ndinawapeza ataima pakhonde. Ndinafuna kuwadutsa, koma anandiitana.

"Mayi, zonse ndinanena zija munazinena?"

"Zonse, bambo."

"Simunasiyeko ngakhale liwu limodzi?"

"Ayi, bambo."

Anagwedeza mutu. "Ndimati mwina Chizungu chichepetsako." Anavala kofiya yawo. "Basi, zili bwino. Ndinalumbira ndine."

Anandifunsa kumene Kasalanga chimatulukira. Ndinawalozera geti la kumbuyo, ndipo anapita kukaima padzuwa pafupi ndi mpanda. Chigalimotocho chili ndi timawindo ting'onoting'ono m'mwamba, munthu wa kunja sangaone nkhope ya amene ali mkati. Madzulo ndikutuluka ndinawaona akadali pomwepo, ndipo chitadutsa anakweza dzanja osadziwa ngati mwana wawo ali mbali imeneyo.

Ndinalira ulendo wonse m'basi ya ku Chawama. M'mawa mwake ndinauza ba Zulu kuti mwina ntchito imeneyi si yanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ine ndinamasulirapo chilango cha munthu amene anali ndi dzina ngati la mwana wanga," anatero. "Kasambeni kumaso. Khoti yachitatu ilibe womasulira."

Ndinakasamba kumaso, ndipo ndikadali pantchitoyi mpaka lero. Za Saidi sindinamvenso, ngakhale za bambo ake.

Ana a sukulu akabwera kudzaona khoti amakonda kufunsa za mikanjo ya maloya ndi za malipiro. Ndimawayankha, koma amene akufuna kumasulira ndimawauzanso china. Lamulo silikulola kuchepetsa liwu kapena kuwonjezera, ngakhale mtima ukuwawa chotani. Chimene chimatsala m'manja mwako ndi kanenedwe. Chiyambire tsiku la ba Amidu, ndikafika pa chilango sindiyang'ana pepala kapena khoma. Ndimatembenukira kwa mwini wake, ndimatsitsa mawu, ndimanena pang'onopang'ono kuti asafunsenso wapolisi panjira. Wolemba chilango ndi woweruza, koma munthuyo ndi abale ake adzachikumbukira moyo wawo wonse m'mawu anga.