Chisangalalo changa chinaoletsa mbatata za anzanga

Inu owerenga, mbatata za kachewere za mabanja ambiri zinaolera m'mbali mwa msewu kwathu ku Ntengo-Wambalame, ndipo wochititsa ndinali ine. Sindinabe, sindinaname; ndinangosangalala mopitirira muyeso.

Ndine mlimi, ndipo anzanga anandisankha kutsogolera asosiyasawu yathu, bungwe la alimi a mbatata. Vuto lathu linali limodzi: tikakumba mbatata, makamyawu, malole odzanyamula mbatatazo, ankabwera mwa apo ndi apo. Jasinta, mwana wa mlongo wanga amene anaphunzira zamakompyuta ku Tete, anati iye ndi anzake atipangira pulogalamu ya pafoni yoitanira makamyawuwo.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanandikoka mtima. Sankafuna kukabisala miyezi n'kubwera ndi chinthu chathunthu ayi. Ankasankha kachigawo kamodzi, n'kukapanga m'masabata awiri, n'kudzationetsa kuti tiyese, kenako ife n'kunena chofunika kwambiri chotsatira. Wonena m'malo mwa alimi onse ndinali ine.

Tsiku limene ndinaona dzina la mudzi wathu likutuluka pafoni yanga, ndinadumpha ngati kamwana! Ndinaionetsa kutchalitchi, pamsika ku Tsangano, ngakhale kwa anthu osawadziwa mu shapa, minibasi zathu zija. Aliyense ankandipatsa ganizo lake, ine n'kumuimbira Jasinta pompo. Ionetse mitengo ya mbatata ku Tete! Izinena za mvula! Izizindikira matenda a masamba pachithunzi! Oweta ng'ombe nawonso aikidwemo!

Jasinta anandichenjeza. "Malume, zonsezi n'zabwino, koma tikalowetsa chatsopano ntchito ili mkati, china chimatsala. Za makamyawu zija sizinathe."

"Iwe, zimenezo n'zazing'ono, udzamaliza," ndinatero. "Anthu akufuna za mvula."

Akanandikanira bwanji, ine malume ake, komanso mwini ntchito? Choipitsitsa, ndinauza alimi kuti asavutike kupangana ndi oyendetsa makamyawu monga kale, pakuti chaka chimenecho zonse zidzera pafoni.

Nthawi yokumba inafika, matumba n'kuunjikana pamsewu. Alimi anadina, kudinanso, koma uthenga sunkafika kwa oyendetsa, chifukwa gawo limenelo linali lisanayesedwepo n'kamodzi komwe. Titawaimbira, anati anapangana kale ndi alimi a ku Furancungo. Pulogalamu yathu inatiuza molondola kuti mvula ikubwera, ndipo inabweradi, n'kunyowetsa matumba onse aja.

Mayi wina wamasiye anandiitana, n'kumasula thumba pamaso panga. Madzi onunkha anayenderera mpaka pansapato zanga.

"Abambo, ana anga ndikawauze chiyani?" anandifunsa.

Jasinta sanandinyoze. Tinayambanso, ulendo uno ndi makamyawu okha, ndipo tinayesa ndi woyendetsa weniweni mpaka foni yake inalira tonse tikuona. Mukanamva nthungululu za alimi! Lero kamyawu imafika pamunda munthu ataiitana ali chikhalire pakhonde, ndipo mtima wanga umadumphabe. Koma mayi aja anatuluka mu asosiyasawu, ndipo tikakumana amangondipatsa moni wapakamwa.

Inu owerenga, akakufunsani kuti chofunika kwambiri n'chiti, tchulani chimodzi, chimene popanda icho anthu anu alira. Chisiyeni chithe, muchiyese ndi manja anu, ndipo musauze anthu kuti ataye njira yakale yatsopanoyo isanagwire ntchito. Maganizo ena okomawo angathe kudikira masabata awiri otsatira. Mbatata yokumba kale sidikira.