Bwalo la m'kalilole

M'mawa uliwonse, asananole lumo, a Letterio ankapukuta kalilole wamkulu wa m'nyumba yawo yometera, kenako n'kuima phee patsogolo pake. Sankadziyang'ana nkhope ayi. Ankayang'ana chithunzi chakale chopachikidwa pakhoma la kumbuyo kwawo: bwalo la tchalitchi chachikulu cha ku Messina, lodzaza ngolo, ansembe, ogulitsa nsomba ndi agalu, chivomezi chisanagwetse mzindawo.

Mmisiri amene anachizokota pamkuwa anajambula bwalolo monga ankalionera, ndiye podinda papepala zonse zinatembenuka, za kumanja zinapita kumanzere. Bwalolo linkabwerera m'malo mwake m'kalilole mokha. Mmenemo a Letterio ankalondola kanjira ka kuseri kwa kasupe wa pabwalopo mpaka pakhonde pomwe mayi awo ankayanika zovala. Mayiwo anatsalira pansi pa nyumba ya khondelo itagwa ndi chivomezi chija, a Letterio akadali mwana.

A Placido, mnzawo wadazi amene ankabwerabe kudzameta, ankawaseka kuti tsiku lina adzadula munthu khutu chifukwa chosuzumira makonde a eni. Iwo ankayankha kuti la a Placido silingadandaulitse, linasiya kale kumva.

Manja atayamba kunjenjemera, mwana wawo Nunzia anagulitsa malowo n'kutenga bambo akewo kuti azikakhala nawo. Kalilole uja anali womatira kukhoma, anatsala. Chithunzicho Nunzia anachipachika moyang'anizana ndi bedi la bambo ake, poganiza kuti wawasangalatsa.

A Letterio anachiyang'ana tsiku lonse. Kasupe anali mbali ina, kanjira kankakhotera kolakwika. Akati alondole, ankathera pakhomo lachilendo.

"Bambo, si chomwe chija?" anafunsa Nunzia ataona kuti sanakhudze chakudya.

"Ndi chomwecho, mwanawe. Koma kumeneku si kwathu."

Nunzia anangoti ndi ukalamba, nachotsa mbale. Madzulo a Placido anabwera kudzazonda. Anamvetsera dandaulo lonse dzanja lili kukhutu, n'kupukusa mutu.

"Iwe mdala, wameta anthu moyo wako wonse. Munthu unkamuonetsa bwanji nkhongo yake?"

M'mawa mwake a Letterio anapisa m'chikwama cha malumo n'kutulutsa kakalilole ka m'manja. Anakapukuta, anakoka mpando, nakhala mofulatira chithunzicho. Bwalo lonse silinkakwanamo, tsono anakayendetsa pang'onopang'ono, dzanja likunjenjemera: tchalitchi, ngolo, kasupe, kanjira. Nunzia anabweretsa khofi, anaima pakhomo n'kumawayang'ana. Atafika pakhonde paja, a Letterio anagwiriziza ndi dzanja linalo kuti kasagwedezeke.