Zipsera za Jupita pa Khoma la ku Chilomoni

Ku Ndirande zaka zimenezo, ukafunsa za a Laurenti Napwanga anthu ankangoyang'anana. Unkayenera kunena kuti a Masayini, dzina la ntchito yawo yolemba zikwangwani, ndipo ngakhale mayi wogulitsa bonya pamsika ankakulozera nyumba yawo ya chitseko cha mitundu isanu, poti penti aliyense wotsala m'chitini ankathera pamenepo. Zikwangwani za magolosale, za malo ometera, mawu a kumbuyo kwa minibasi, zambiri za m'derali zinatuluka m'dzanja lawo. Nthawi ya riferendamu ndi zisankho anajambula nyali m'mawa, tambala masana, manja ogwirana madzulo, ndipo wowafunsa mbali imene ali ankamuyankha kuti penti alibe chipani.

Pa ntchito anali ndi lamulo limodzi limene anatengera kwa mmisiri amene anawaphunzitsa ku Limbe: chilema sichikwera pakhoma. Munthu akabweretsa chithunzi chake cha chipsera pachipumi kapena dzino loguluka, pachikwangwani ankatuluka wosalala ngati khanda. Nkhuku ya pakhoma la lesitilanti inkanenepa kuposa imene inkafika m'mbale. Palibe kasitomala anadandaulapo.

Koma panali chinthu chimene sankauza munthu, ngakhale akazi awo a Petronela. A Laurenti ankaopa kuchita khungu. Bambo awo, amene anaoloka malire kuchokera ku Milanje n'kudzakhala telala wa pakhonde, anayamba ndi kudandaula kuti pansalu pakutera ntchentche. Ankaziingitsa ndi dzanja, ntchentche zimene wina aliyense sankaziona. Zaka zitatu zisanathe makina osokera anachoka pakhonde, ndipo mkuluyo ankapita ku misa atagwira phewa la mkazi wake. Tsopano a Laurenti anali atafika msinkhu womwewo, zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo tizilembo ta m'nyuzipepala tinali titayamba kuwavinira. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo n'kuwerenga chikwangwani cha kutsidya kwa msewu kuti adziyese. Chikwangwanicho anachilemba okha, mawu ake ankawadziwa pamtima, koma munthu wamantha sasankha chomutonthoza.

Mu Seputembala 1995 kunabwera mayi Zuleikha Abbas a ku Mbayani, mphunzitsi wa sayensi pa sukulu ina ya pulayiveti ku Chilomoni, imodzi mwa zija zinkamera ngati bowa matipate atabwera. Anatulutsa m'chikwama pepala long'amba m'magazini imene anagula kwa mavenda m'tauni. Panali chimpira cha mizere yofiirira ndi yoyera, chitakhala pa mdima wa bii.

"Ameneyu ndi Jupita, pulaneti lalikulu kuposa onse," anatero mayiwo. "Chithunzichi inajambula ndi telesikopu yotchedwa Hubble. Ili kumwamba kupitirira mitambo, ikuzungulira dziko lathuli. Ndikuchifuna pakhoma la labu, ana azichiona akamalowa. Pulizi a Napwanga, ndendende mmene chililimu. Zina zonse zalembedwa pansipa."

A Laurenti anayang'ana pansipo, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wawerenga. Sanawerenge kanthu. Mayi aja atathamangira minibasi, iwo anatuluka nalo pepalalo padzuwa. Chakumunsi kwa mpirawo kunali madontho akuda, ondandalikana ngati pamene padontha oyilo. Anakanda ndi chikhadabo, osachoka. Anapukuta ndi malaya, osachoka. Anadziuza kuti anthu otha kutumiza makina kumwamba sangasindikize chithunzi chothimbirira. Ndiye ngati litsirolo silili papepala, lili kuti?

Funso limodzi likanathetsa nkhani. A Petronela anali pomwepo, akusankha nyemba m'lichero. Koma a Laurenti anamva kale m'khutu mwawo yankho lakuti "Madontho ati?" ndipo mawu awiri amenewo analibe nawo mphamvu. Safunsa anadya phula, tonse timadziwa. Iwonso ankadziwa, koma anapinda pepala n'kuliika m'thumba.

Khomalo linawatengera masiku anayi. Analemba mabokosi papepala ndi pensulo, anamenya mabokosi omwewo pakhoma ndi chingwe chopaka choko, n'kuyamba kusamutsa chithunzi bokosi limodzilimodzi. Kumtunda dzanja linayenda monga mwa masiku onse. Atafika mabokosi akumunsi ankangoba kuyang'ana papepala, ndipo nthawi iliyonse madontho aja ankawadikira. Anasakaniza penti wofiirira ndi woyera, anadutsitsa bulashi, Jupita n'kusalala ngati tsaya la mkwatibwi. Ngati ndi litsiro, alichotsa monga mwa lamulo. Ngati ndi maso, palibe adzadziwe.

Kunyumba chakudya chinkabwerera. A Petronela atafunsa ngati akudwala malungo, anawakalipira popanda chifukwa, kenako n'kuchita manyazi. Tsiku lachitatu anangozindikira kuti akuwerenga mapazi kuchokera pasiteji ya minibasi mpaka pakhomo pawo, kuti adzawasunge m'mutu. Anali mazana awiri ndi khumi ndi limodzi, kuphatikiza kulumpha ngalande.

Lachisanu cha m'ma teni koloko mayi Abbas anatuluka m'kalasi kudzaona ntchito. Anaima patali, manja m'chiuno, ndipo nkhope yawo inayamba kugwa.

"Zakongola, sindikana. Koma zipsera zili kuti?"

"Zipsera ziti, madamu?" anafunsa a Laurenti.

"Zakudazo! Si ndizo ndinagulira magaziniyo?" Anatenga pepala m'manja mwawo n'kuligogoda ndi chala. "Chaka chatha mu Julayi nyenyezi ya mchira, imene inali itasweka zidutswazidutswa, inakamenya Jupita. Asayansi anawerengeratu masiku ake, telesikopu n'kujambula mabala. Ena mwa amenewa kukula kwake ngati dziko lathu lonse. Mpaka pano akufufuza pa zithunzi zimenezi kuti mphepo za kumeneko zimaomba bwanji, ndiponso kuti pansi pa mitambo yake pali chiyani. Jupita wosalala ali m'buku lililonse, a Napwanga. Mwandichotsera phunziro lonse."

A Laurenti anakhala pa chitini cha penti. "Ndiye inunso mukuwaona?"

"Ndilekerenji kuwaona?"

A Laurenti anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wamva kuti maliro aja si a kwawo. Anaseka mpaka misozi, mayi Abbas n'kuyang'ana uku ndi uku ngati akufuna wowathandiza. Masiku anayi osadya chifukwa cha nkhondo ya kumwamba! Analonjeza kuti zipserazo azibwezera dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo aka kakhala koyamba m'moyo wawo kuika chilema pakhoma.

"Ingondilozerani bwinobwino," anatero akuvundula penti wakuda, "ndisaphonye ngakhale limodzi."

Mphunzitsiyo anayala pepala pabondo n'kuyamba kuwerenga ndi chala. Loyamba, lachiwiri, lachitatu lalikulu lija, lachinayi lakumphepete. Anachotsa chala.

"Nanga ili?" A Laurenti anaika chikhadabo chawo chapamwamba pang'ono, pa mzere woyera.

Mayi Abbas anawerama, anapendeketsa pepala padzuwa, n'kuyang'ana nthawi yaitali. "Apa palibe kanthu."

A Laurenti anakweza maso kuti atsutse. Dontholo linakwera nawo limodzi, n'kukakhala pa mpango woyera wa mayiwo.

M'kalasi ana ankabwereza mawu a Chingerezi mwaphokoso. Mayi Abbas anali munthu wachangu m'mutu, ndipo sanafunse funso lopusa. Anangonena motsitsa mawu kuti telesikopu ijanso inapita kumwamba ndi galasi lolakwika, anthu anachita kukwera kukaikonza, pamene chipatala cha maso chili m'tauni momwemuno, minibasi imodzi basi. A Laurenti anawapatsa choko n'kuwapempha kuti akwere pa makwerero alembe okha malo a zipserazo, poti iwo sakanadziwanso za Jupita ndi ziti. Kenako anazipenta zinayi, mosamala, pamene panali choko pokha.

Anafika ku Ndirande dzuwa likadali pamwamba. A Petronela anali kuseri kwa nyumba akuchapa, ndipo anadabwa kuwaona akuweruka msanga chonchi. A Laurenti anatula chikwama cha mabulashi, anaima pafupi ndi beseni, n'kunena zonse, kuyambira pa pepala lija mpaka pa mpango wa mphunzitsi. Mantha anawanena ndi dzina lake.

A Petronela sanalire, sanawakalipirenso. Anakutumula thovu m'manja n'kufunsa, "Ndi liti, lamanja kapena lamanzere?"

A Laurenti sankadziwa. Masiku onsewa analibe mtima woti ayese. Mkaziyo anawatembenuzira ku nsalu yoyera imene inali pachingwe, n'kuwatseka diso lamanja ndi chikhatho chonyowa. Nsaluyo inayera mbee. Anasuntha chikhathocho n'kutseka lamanzere. Dontho lija linatera pansalupo.

"Ndi lamanja," anatero a Laurenti. "Limene ndimayezera mizere."