Munthu Amene Anakana Kuphunzira Kugwa

Moni waulemu ukufikeni inu nonse owerenga. Mbiri yalembedwa panoyi ndi ya bambo Timoteyo Kachingwe Mwale, a m'dera la Chiosya, m'boma la Mchinji.

Pa unyamata wawo, bambo Mwale ankaweta ng'ombe za amalume awo. Kubusa kunali lamulo lake: anyamata ankagwetsana pamchenga wa kudambo, ndipo amene msana wake wagunda pansi ndiye ankathamanga kukabweza ng'ombe zikalowera m'minda ya eni. Bambo Mwale sanabwezepo ng'ombe ngakhale tsiku limodzi. Atakula, mphamvu zomwezo zinawapezera ntchito yokweza mabelo a fodya ndi matumba a feteleza m'malole. Banja lawo lonse linkadya kuchokera pamsana umenewo.

M'chaka cha 2016 kunafika bambo Goliati Tembo a ku Chipata, munthu wamfupi ngakhale kuti dzina lawo ndi lalikulu. Iwo ankafuna amuna amphamvu oti azichita nawo masewera ogwetsana, amene ambiri amati resiling'i, m'misika ya m'malire. Anafotokoza kuti masewerawa ali pawiri. Alipo ampikisano weniweni, amene wopambana ndi yemwe wapanikiza pansi mapewa onse awiri a mnzake. Aliponso achionetsero, onga a m'mavidiyo, amene anthu amalipira pakhomo. Kumeneko awiriwo amapangana kale amene apambane, ndipo ntchito yawo ndi kusangalatsa anthu popanda kuvulazana. Bambo Tembo ankadyera achiwiriwa.

Maphunziro ankachitikira m'chigafa chopanda fodya, pamatumba a madeya. Tsiku loyamba bambo Tembo anati, "Lero tikugwa. Chibwano pachifuwa, manja tambasulani, msana wonse ufike pansi nthawi imodzi."

"Nanga mawa?" anafunsa bambo Mwale.

"Mawa tigwanso."

"A Tembo, ine ndabwera kudzagwetsa anthu. Kugwa n'kwa oledzera, ndipo iwowo sapita kusukulu."

"Imwe a Mwale, mphamvu muli nazo, sindikukana. Koma pansi sipaopa mphamvu."

Kwa masabata awiri bambo Mwale ankafika mochedwa, kugwa kutatha, n'kumangophunzira zogwira ndi zonyamula. Akazi awo, mayi Felista, atamva zimenezi anaika khasu pansi.

"Bambo a Tionge, msanawo si wanu nokha, ine ndi anawa tili ndi gawo pamenepo. Akati igwani, igwani. Kodi kubusa kuja anakupatsani satifiketi?"

Bambo Mwale anangoseka, n'kutuluka.

Chionetsero chinachitika Loweruka masana, pabwalo la msika limene analitchinga ndi mpanda wa matumba. Pakati anakhoma matabwa, n'kuzunguliza zingwe. Pangano linali lomveka: bambo Tembo adzawanyamula n'kuwaponya chagada, iwo adzagonja, ndipo mwezi wotsatira ku Chipata wopambana adzakhala bambo Mwale. Bambo Mwale anavomera ndi pakamwa.

Koma m'khamumo munali anzawo akale a kubusa, amuna a ndevu tsopano. Ataona kuti mnzawo wanyamulidwa m'mwamba, anakuwa, "Timo sagwa! Mwale sabweza ng'ombe!"

Mawuwo anawafika ali m'malere. M'malo mofewetsa thupi, iwo anaumitsa khosi, napotokola chiuno kuti atere ndi miyendo monga ankachitira pamchenga. Koma pamenepo panalibe mchenga. Anafikira chiuno pamphepete pa thabwa, ndipo china chake chinalira m'munsi mwa msana. Anthu anaomba m'manja, poganiza kuti zonsezo ndi za chionetsero. Bambo Tembo okha ndiwo anagwada, nanong'oneza kuti, "Musagwedezeke, achimwene. Chonde musagwedezeke."

Anagona m'chipatala miyezi itatu. Anatuluka akuyenda, koma madokotala anawaletsa kunyamula chilichonse cholemera kuposa ndowa ya madzi. Ku Chipata sanapiteko. Bambo Tembo anabwera kawiri kudzawazonda, kenaka anapeza munthu wina wa kwa Zulu, m'boma lomwelo la Mchinji, wochepa mphamvu koma wodziwa kugwa, ndipo ameneyo akuseweranabe nawo mpaka lero.

Masiku ano bambo Mwale amakhala pakhonde la golosale ina pamsika, atatsamira khoma, akusoka matumba ong'ambika a anthu amene amakweza katundu m'malole. Munda akulima ndi mayi Felista, ndipo chaka ndi chaka mizere ikucheperachepera. Anzawo a kubusa akamadutsa amawapatsabe moni wakale uja wakuti "Timo sagwa," iwo n'kungokweza singano m'mwamba. Sadandaula kwa munthu. Kukazizira amachedwa kudzuka, basi.

Chotero, owerenga olemekezeka, mwina ena mwa inu mukusirira masewera amenewa. Zina zonse zalembedwa pano mukhoza kuziiwala, koma mukupemphedwa kusunga chimodzi ichi: phunziro loyamba la wogwetsana si kugwetsa mnzake ayi, koma kugwa bwino iye mwini.