Galu adye modekha, eni ake adye choimirira

Sabata ino galu wa m'nyumba mwathu amugulira mbale yatsopano. Ine ndakalamba, ndaona zambiri, koma mbale yotere ndinali ndisanaionepo.

Ndi yapulasitiki, yakuya bwino, koma pakati pake paima timitu titatu ngati mafuwa. Ntchito ya mafuwawo ndi kutchinga pakamwa pa wakudya. Ndiye kuti munthu wina anakhala pansi, n'kuganiza, n'kupanga mbale yovuta kudyeramo. Ndipo anthu akugula. Dziko lino!

Galuyo adzukulu anga amamutchula Bisiketi. Ine galu sindimutcha dzina la chakudya. Kwathu ku Ntcheu dzina la galu limanyamula uthenga: Adzatopa, Tilipano, Nenanizanu. Ukamuitana mokweza madzulo, wa nyumba yoyandikana nayo amamva zake. Choncho ine ndinamutcha Sakhuta, ndipo dzina limene amavomera ndi limenelo.

Sakhuta sadya, amameza. Mwana wanga Esinati anakamutenga kumalo osungirako agalu opanda eni, kumene ankadya pagulu, aliyense akukankha mnzake. Ukamuthirira timibulu touma ta chakudya cha agalu, usanabweze n'komwe chikho m'thumba, mbale ili mbee. Kenaka amayenda pang'ono mimba itatupa ngati ng'oma, n'kukabweza zonse pakapeti.

Dokotala wa ziweto anauza Esinati kuti galu wamkulu chonchi akamameza chakudya pamodzi ndi mpweya, mimba ikhoza kupotokola, n'kufa tsiku lomwelo. Nkhani ya mbale inachokera pamenepo.

Mkamwini wanga, bambo a Tadala, ndi munthu wofatsa, koma kapeti anagula ndi iye.

"Bambo," anandiuza Lamulungu, "ine ndatopa n'kuchapa. Akakana mbaleyi, kapena akasanzanso, Loweruka ndikamubweza komwe anachokera."

"Kabwezeni," ndinatero. "Ndi wanga ngati?"

Koma tiyeni tinene zoona. Kukacha nyumba yonse imabalalika. Esinati amapita kukasamalira nkhalamba za eni, yake ataisiya pakhomo. Mkamwini amathamangira kuntchito kosungira katundu ku Etobicoke. Ana kusukulu. Otsala ndife awiri. Adzukulu ndikawalankhula Chichewa amandiyankha Chingerezi. Sakhuta ndikati "khala pansi," amakhala. Ndikamuuza za ntchito yanga yakale ya njanji, amamvetsera mpaka kumapeto. Mwa onse obadwira kunja kuno, mu Scarborough muno, ndi yekhayu amene amamva Chichewa osabweza mwano.

Sindikuti ndimamukonda. Ndangomuzolowera, ngati ndodo yangayi. Koma ndodo yako ukaizolowera, sulola wina akaitaye.

Lolemba m'mawa ndinathira chakudya m'mbale yatsopano ija. Sakhuta anayang'ana mbale, n'kuyang'ana ine. Anaponda m'mphepete ndi phazi limodzi, mbale gubudu! Timibulu tonse mbwee pansi, iye n'kutisesa ndi lilime. Ndinamupatsa ulemu. Galu wamkota sakandira pachabe.

Koma ulemu sukanamupulumutsa Loweruka.

Ndinati bwino, agalu ndaweta ine. Kwathu galu amaphunzira ukamuimirira pamutu. Madzulo ndinapanikiza mbale pakona ndi phazi, ndodo ili m'manja, n'kukweza mawu: "Iwe! Pang'onopang'ono!"

Anadya mofulumira kuposa kale. Mano akugunda mafuwa aja kho kho kho, akulira chapakhosi, diso limodzi lili pa ine. Anatsamwa, n'kutsokomola, n'kuthawira kunsi kwa tebulo. M'mawa mwake mbale ija sanaiyandikire n'komwe. Madzulo chimodzimodzi. Galu amene ankameza ngati dzenje tsopano anayamba kugona ndi njala.

Esinati atabwera kuntchito anaona mbale ili yodzaza.

"Adadi, mwamuchita chiyani galuyu?"

"Ndamulangiza."

"Ndi ndodo?"

"Sindinamumenye. Ndinangoima."

"Vuto ndi limenelotu. Mukamuimirira pamutu iye akuganiza kuti mwabwera kudzamulanda. Dokotala uja anafotokoza inu muli pomwepo. Simunamve?"

"Munthu wolankhulira m'mphuno ndimumva bwanji?"

"Ee, Adadi inu! Ndiye mumvere ine, ndilankhulira pakamwa."

Anandiuza. Pansi pa mbale tiyale kamphasa ka labala kuti isaterereke kapena kugubuduzika. Timibulu tiziyamba tanyowetsa ndi madzi ofunda. Tisathire zonse nthawi imodzi, tizigawa, pang'ono m'mawa, pang'ono masana, pang'ono madzulo. Poyamba tiziika m'mbali mosavuta kufikamo, pakati pa mafuwa tidzayambe kuikapo akazolowera. Ndipo ndodo ikhale kuchipinda.

Mwana wobereka wekha akamakulamula zimawawa. Koma ndinachita.

Sizinatheke. Ndikaima pafupi, Sakhuta sayandikira mbale. Ndikatuluka kuti adye payekha, amanditsatira mpaka pakhomo la bafa. Loweruka likuyandikira, nthiti za galu zikuyamba kuoneka, mkamwini akungoyang'ana mbale yodzaza. Munthu wofatsa akakhala chete, dziwani kuti wagamula kale.

Lachinayi masana ndinatopa nazo. Miyendo yanga si ya mnyamata. Ndinakoka kampando kafupi, n'kukhala chapatali ndi mbale ija, tiyi wanga m'manja, buledi pabondo. Sindinamuyang'ane. Ndinayamba kudya zanga.

Ndinamva zikhadabo pansi. Kenaka lilime likuzungulira fuwa loyamba. Anatola kamodzi, n'kudzutsa mutu kundiyang'ana. Ine ndikutafuna buledi. Anaweramanso. Tiyi wanga anatha, iye akadali kusaka m'makona. Atamaliza anabwera n'kugona paphazi langa, ndipo kapeti inakhala youma.

Chimene anaona n'chiyani? Anaona kuti nkhalambayi yakhala pansi ndipo ili ndi chake m'manja. Wokhala ndi chake salanda.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade sikisi, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma nditakhala pakampando paja ndinaona chinthu chimene ndikufuna ndikufunseni inu a masatifiketi.

Kodi Sakhuta ndi galu yekhayu?

Pitani kuphwando la Amalawi, kaya ndi ukwati ku Markham, kaya ndi chikondwerero cha ufulu wathu muholo yobwereka. Anthu atchena masuti, akulankhula Chingerezi chosalala. Wina angoti "chakudya chakonzeka," muone. Mipando kugwa. Bambo wa digiri waunjika mpunga, pamwamba nkhuku, pamwamba chambo, pamwamba pakenso mandasi, mbale yapepala ikuchita kupindika. Akutafuna diso limodzi lili kumapoto. Akuopa chiyani? Chakudya chimatsala mpaka amayi kumachita kutipempha kuti tinyamule.

Njala tinaisiya kumudzi, koma mantha ake tinakwera nawo ndege.

Kumeneko n'kuphwando. Masiku ena onse ndiye zoopsa. Kwerani basi m'mawa. Uyu akuluma buledi ataima, dzanja lina lagwira chitsulo. Uyo akumwa khofi m'kapu yapepala akuthamangira sitima ya pansi pa nthaka. Wina akudya nkhuku akuyendetsa galimoto, mafupa pabondo. Kwathu wodya akuyenda tinkati ndi wamisala kapena wakuba. Kuno timati ndi wolimbikira ntchito.

Mkamwini wanga yemweyu, amene akufuna galu adye mwaulemu, sindikumbukira tsiku limene ndinamuona atakhala patebulo pakati pa sabata. Amadyera pasinki, jekete lili m'thupi, makiyi ali m'manja. Akatero amameza timapiritsi ta chilungulira, n'kumati chakudya cha kuno n'choipa. Chakudya chalakwa chiyani? Chinapatsidwa mpata wotafunidwa?

Ndikamufunsa amati, "Bambo, ndili bize, ndachedwa kushifiti." Akachoka kushifiti imeneyo pali ina. Foni yochokera kumudzi ikulira, ya abwana ikulira. Aliyense wa inu ali ndi wina womuimirira pamutu ndi ndodo. Ndiye mumameza, diso limodzi lili pawotchi.

Sindikunyoza ntchito. Ndagwira ntchito ine, yonyamula zitsulo padzuwa. Koma belu la nkhomaliro likalira tinkakhala pansi, kusamba m'manja, n'kudya ngati anthu. Kapitawo naye ankakhala. Fulumira adadya gaga.

Ndipo ana anu akuona. Mdzukulu wanga Tadala amadyera kuchipinda, maso ali pakompyuta. Mudzadandaula kuti sadziwa Chichewa. Achidziwira kuti? Chilankhulo mwana amachitola pakudya, akulu akamakangana za ndiwo. Pasinki palibe mwambo umene munthu angaphunzirepo.

Loweruka linafika. Ndinanyowetsa timibulu, n'kuthira mpaka pakati pa mafuwa, n'kukhala pakampando kanga ndi tiyi. Mkamwini anatsika atavala kale jekete. Anaima pasinki ndi mbale ya mazira, akuonerera. Sakhuta akuzungulira mbale yake mwaufumu, kutola, kutafuna, kupuma.

"Koma ndi galu yemwe uja?" anafunsa kukamwa kuli kodzaza.

"Yemweyo."

"Basi, watsala. Mwagwira ntchito, bambo."

Wotsala watsala, palibe chovinira. Ndinangopapasa galu kumutu kamodzi, poti anali pafupi.

Kenaka ndinati, "Bambo a Tadala, kusitolo kuja mbalezi amagulitsa za agalu okha?"

Esinati anaseka mpaka kugwira khoma. Mkamwini anayang'ana foloko yake, n'kuyang'ana galu. Anakoka mpando n'kukhala, chakumphepete, jekete osavula. Ndi chiyambi. Sakhuta nayenso anayambira m'mbali.

Komabe woyamba kumaliza kudya anali mkamwini. Pamene chitseko chimatsekeka, galu anali asanafike pafuwa lachitatu.

Nanga inu, chakudya cha lero mwadya mutakhala pansi? Kapena nanunso tikakugulireni mbale ya mafuwa?