Khosi la kheni lanenepa

Kheni yothirira mbewu ya akazi anga yathyoka mutu. Musaseke, kunyumba kwathu ku Silverest nkhani imeneyi yaposa ya kuzima kwa magetsi.

Amake Taonga ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba, ndipo masiku apitawa anafesa repu pa nazale. Amene munalimapo ndiwo mukudziwa kuti mbewu zongomera kumene sizifuna madzi okhuthula. Zimafuna madzi owaza ngati mvula yamawawa, apo ayi umazikumba ndi mizu yomwe. Ntchito yowaza imeneyo ndi ya kamutu kamabowobowo kamene kamakhala kumapeto kwa khosi la kheni. Kathu kanali kapulasitiki, dzuwa linakaotcha mpaka kung'aluka pakati. Chonsecho kheniyo tagula chaka chomwe chino.

Loweruka m'mawa ndinapatsidwa kheni ija pamodzi ndi lamulo lakuti ndisabwere nayo yopanda mutu. M'mashopu anandiuza kuti mutu pawokha sagulitsa, ndigule kheni ina yathunthu. Mnzanga wina wolima ku Kanakantapa ndiye anandilozera kwa a Tembo, mmisiri wa malata amene amakhala pansi pa mtengo kuseri kwa msika wa Chongwe.

Ndinawapeza atakhala pa kampando, pakati pa miyendo pali chidutswa cha njanji chimene amakhomerapo malata. Ndi bambo wa imvi, zala zodzaza zipsera. Pambali pawo panali thumba la feteleza lodzaza mitu ya makheni, yamalata, yonyezimira. Nditawauza kumene ndimakhala, anandiuza kuti iwo amapalasa njinga kuchokera ku Nkomeshya, ndipo mitu yonseyo anaikhoma nthawi ya dzinja pokonzekera nyengo ino ya madimba.

Anatola mutu umodzi osayang'ana n'komwe, n'kuuveka pakhosi la kheni yanga. Unakana. Anatola wina, nawonso unakana. Apo m'pamene anavala magalasi n'kuyamba kuitembenuza kheni ija uku ndi uku. Khosi lake linali lonenepa kuposa la makheni omwe iwo anazolowera, mwina ndi chala chimodzi chokha.

“Iyi mwaigula kuti, ba Silverest?” anandifunsa.

Ndinawauza kuti ndi mtundu umene wadzaza m'mashopu chaka chino, akale aja sakuonekanso. Makheni atsopanowa anali asanayambe kuthyoka mitu, yanga inali yoyamba kufika pansi pa mtengo paja. A Tembo anayang'ana thumba lawo lija. Ine ndinamva chisoni, ndipo ndinachita manyazi ngati ndine amene ndinanenepetsa khosilo. Ntchito yawo ya dzinja lonse inali ya makheni amene akutha.

Mwina chifukwa chosowa wouza, anayamba kundifotokozera. Luso la malata anaphunzira kwa bambo awo, ndipo kale ankakhoma kheni yathunthu, ndowa, mabafa ndi zidebe. Kenako kunabwera pulasitiki wochokera kutsidya kwa nyanja, wopepuka, wosachita dzimbiri, wotsika mtengo. Ndinkayembekeza kuti ayamba kuunyoza monga timachitira tonse, koma ayi. Anati pulasitiki ndi wabwino, ngakhale akazi awo amathirira ndi kheni yapulasitiki chifukwa yamalata imawapweteka msana. Anzawo ambiri anataya nyundo. Iwo anakhala pansi n'kuyang'anitsitsa katundu wa mdaniyo mpaka anapeza pamene pamayamba kufa, ndipo panali pamutu.

“Ninaona kuti kheni ni yabo, koma mutu ungankhale wanga,” anatero.

Mitu imeneyo ndiyo yawasunga pansi pa mtengo paja zaka zonsezi. Koma ana awo atopa kuwaona akupalasa njinga pa msinkhu umenewu. Mkamwini wawo anali atawapezera ntchito ya ulonda pa nyumba ina imene ikumangidwa kwathu komwe ku Silverest, ndipo mwini nyumbayo ankafuna yankho tsiku lomwelo. A Tembo anali akuzengereza, akuti thumba lija ndilo liwayankhire ana. Ndiye taonani, ine ndafika ndi kheni yanga, thumba layankha zina.

Anandipempha kuti ndidikire. Ndinakhala pa ndowa yovundikira, iwo n'kutenga sizasi yodulira malata. Ndili pa ndowa pomwepo ndinayamba kuganiza zimene ndikulemba lerozi.

Kwinakwake kutali, m'fakitale imene sindidzaiona, munthu wina anaganiza zokulitsa khosi la kheni. Mwina ankafuna kuti madzi azituluka msanga. Mwina akulimbana ndi fakitale ina ya kutsidya kwa msewu wake imene ikumulanda ogula. Dzina lakuti Chongwe sanalimvepo chibadwire. Makheni ake analowa m'kontena, kontena inakwera sitima, sitima inafika padoko, thiraki inanyamula, mpaka chala chimodzi chija chinadzagwera bambo wa ku Nkomeshya pamutu.

Kodi si zimenezi zimene amazitcha malonda a dziko lonse? Ife timaganiza kuti ndi nkhani ya akuluakulu ovala masuti, osainirana mapangano m'mahotela. Timaikumbukira pokhapokha dola ikakwera. Koma malondawo ali m'khitchini mwanu, ali kuphazi kwanu, ali m'thumba la malaya mmene muli foni. Yang'anani pansi pa kapu imene mwamwera tiyi lero, muone kumene inabadwira.

Ndinawafunsa a Tembo ngati sakwiya nawo anthu a mafakitalewo. Anaseka osadzutsa mutu.

“Nikwiye chani? Na ise tinadyako banzathu.”

Anati agogo awo aakazi anali woumba mbiya wotchuka, ndipo amene anawalanda ogula ndi mwana wawo yemwe, bambo a a Tembo, ndi ndowa zawo zamalata zosasweka. Malatawo nawonso sankamera m'munda, ankabwera pa sitima. Nkhalambayo akuti inkadandaula kuti madzi a m'ndowa sakoma, koma atsikana opita kudambo anali atasankha kale.

Mawu amenewo anandikhaza pansi. N'zoona, mpikisano umenewu sunayambe ndi pulasitiki. Makolo athu ankavala nyanda mpaka amalonda a mtunda wautali anafika ndi nsalu ndi mikanda, pobwerera atasenza minyanga. Ng'anjo zosungunulira chitsulo zinazima pamene makasu a m'sitolo anachuluka. Njanji imene a Tembo amakhomerapo inayalidwa kuti miyala ya pansi pa nthaka yathu ikafike kunyanja. Ngakhale chimanga chimene timalumbirira kuti ndi chathu chenicheni chinachita kubwera kuchokera kutsidya. Palibe amene anabadwa ali mwini msika.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti mpikisanowu ndi wachilungamo. Munthu wa nyundo imodzi kulimbana ndi makina osagona tulo si masewera ofanana mphamvu, ndipo amisiri ambiri amene anagonja sanali aulesi. Amene amatsegula ndi kutseka zipata za dziko ayenera kumawakumbukira anthu ngati amenewa. Mkuwa wathu ukupitabe kunja uli wosaphika n'kubwerera uli waya wodula, ndipo zimenezo zimandiwawa ngati mmene zimakuwawirani inu.

Koma tinene zoona, ambirife kudandaula ndiye luso lathu. Mu minibasi yopita ku Lusaka m'mawa uliwonse timatukwana katundu wakunja, kwinaku titavala salaula, kaunjika wochokera kunja komweko, kuyambira kolala mpaka sokosi. Timati anthu azigula zakwathu, koma tikafika pa shopu dzanja limathamangira chotsika mtengo. Ineyo amene ndikulemba pano, kodi ndinagula kheni yamalata? Ndinakumbukira mmisiri pokhapokha pulasitiki atandigwiritsa fuwa la moto.

Chimene chinandigwira mtima mwa a Tembo n'chakuti iwo samudikira wogula kuti awamvere chisoni. Mdani wawo amamulemekeza, amamuphunzira, ndipo akudziwa kuti wopanga zinthu zambirimbiri nthawi imodzi sangaone zonse. Sangadziwe ukali wa dzuwa la Okutobala pa Chongwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bamboyu wadekha zaka zambiri akuyang'ana katundu wa eni ake.

Pamene ndinkaganiza zonsezi, iwo anali atadula khosi la mutu umodzi n'kulitaya. Anadula kachidutswa kena ka lata, n'kukapinda pa njanji paja kuti kakhale kotakata kukamwa, kopanikiza mkati, ngati fanulo yothirira palafini. Anamata ndi mtovu, anaveka pa kheni, anathiramo madzi n'kundiuza kuti ndiyese.

Ndinapendeketsa. Madzi anatulukira m'mbali n'kundinyowetsa thalauza ndi nsapato zomwe. Azimayi ogulitsa tomato chapafupi anafa nacho chiseko, a Tembo nawo anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinaseka nawo, koma mumtima ndinali ndi mantha kuti basi, ulonda wapambana.

Iwo sanatekeseke. Anadzuka, anapita pa njinga yawo n'kumasula mphira wa chubu umene amamangira katundu. Anadulako kachingwe, anakulunga pakhosi la kheni, n'kukankhira mutu uja mwamphamvu. Nditapendeketsanso, madzi anagwa mwaulemu, owaza bwinobwino, fumbi la pansi osadzuka n'komwe. Kenako anabwereka kheni yakale kwa mmodzi wa azimayi aja, yakhosi lowonda, n'kuvekapo mutu womwewo. Khosilo linangolowa mkati pang'ono, mutu n'kugwira. Mutu umodzi, makosi onse awiri.

Sindibisa, ndinasangalala ngati mwana, thalauza lili chinyowere.

Ndinawafunsa kuti nanga chaka chamawa akadzasinthanso, kapena akadzapanga mutu wosang'aluka ndi dzuwa, adzatani. Anati zimenezo n'zotheka ndithu, ndipo mwina tsiku lina adzagonjadi.

“Koma beve bali na makina, ine nili na maso. Sibangasilize vonse, bazasiyako kanthu.”

Ndikulongedza kheni yanga, foni yawo inalira m'thumba la ovolosi. Anali mkamwini uja, akufuna yankho. A Tembo anamupatsa moni mwaulemu, anafunsa za ana, anathokoza chifukwa chowaganizira. Kenako anayang'ana thumba la mitu lija, momwe tsopano mutu uliwonse unkafunika kudulidwa khosi n'kumatidwa lina.

“Bauzeni bene ba nyumba bafuneko munthu wina, tata. Ine manje nchito yanichulukila.”

Ulonda si ntchito yonyozeka, ndipo mkamwiniyo sanalakwe. Koma ndinachoka pamalo paja nyundo ikulira kale kumbuyo kwanga, ndipo kulira kwake kunandikoma.

Madzulo amake Taonga anathirira nazale yawo ndi kheni ya kutsidya kwa nyanja yovala mutu wa ku Nkomeshya. Mbande sizinagwe ngakhale imodzi. Anangofunsa chifukwa chimene thalauza langa linali ndi matope, ndipo nditawafotokozera anati ndikanagula mitu iwiri.

Tonsefe tili ndi kheni imene timadyerapo, kaya ndi ofesi, shopu, minibasi kapena dimba. Ndipo kwinakwake kutali kuli munthu wosatidziwa amene akuyeza khosi lake ndi chala. Tsiku limene lidzanenepe, inu mudzakhala mukuyang'ana chiyani: thumba la mitu yakale, kapena sizasi?