Kapu ya Bambo a Sakisofoni

Aneba athu, bambo oliza chitoliro chotchedwa sakisofoni, sathamangira nyimbo ayi. M'mawa amayamba aviika kabango kawo m'kapu yamadzi, n'kukamangirira kukamwa kwa chitolirocho mosamala ngati akuveka khanda thewera. Kenako amaliza liwu limodzi lokha, fuuu, mpaka agalu kudandaula. "Liwu likhwime kaye," amatero, "nyimbo sithawa."

Tsiku lina kunabwera mnyamata wofuna kukwatira mwana wawo. Kukhosi kutauma ndi mantha, anatola kapu ija patebulo n'kugugudiza. Kabango kanamutsalira pamilomo.

Mwana wawoyo ataona, anagwira mutu: ukwati wapita basi.

Bambo aja anangokatenga, kukamangirira, n'kuuzira. Liwu linatuluka losalala ngati batala.

"Akamwini," anatero, "mawa mubwerenso. Mumakaviika bwino kuposa kapu."